Mmene mungachulukitsire mazira ndi kulimbitsa zigoba zake pakhomo panu kuno ku Mangochi

Okutobala akangofika, dandaulo la oweta nkhuku limakhala limodzimodzi kuyambira kwa Mpondasi mpaka ku Makawa: nkhuku zaleka kuikira, ndipo timazira tochepa tomwe tikupezekato tikusweka munthu akangotigwira. Wina amati anam'gulitsa mtundu wabodza, wina amati nkhuku zachizungu sizigwirizana ndi mphepo ya kunyanja. Inenso ndinadandaulapo chimodzimodzi chaka chimene mathadzi anga 12 a mtundu wa Mikolongwe anatsika kuchoka pa mazira 8 patsiku kufika pa awiri, mwezi usanathe. Ndinali nditapeza kale wogula nkhuku zonsezo pamene mayi wina wachikulire wa m'mudzi mwathu analowa m'khola mwanga dzuwa lili paliwombo, n'kupisa chala m'chomwera nkhuku. Madziwo anali otentha ngati a tiyi, ndipo denga linali la malata otsika. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Mwanawe, iweyo ungamwe amenewa?"

Mtundu wa nkhuku umangoika malire a mazira amene ingakwanitse. Kufika pamalirewo kapena kutsalira kutali kumadalira zimene mwini khola akuchita m'mawa ndi madzulo. Ndondomeko ili m'munsiyi ndaiyala momwe ndingayambire nditapatsidwa khola la munthu wina lero.

1. Yambani ndi kope musanagule kanthu

Pezani kope la ana asukulu ndi pensulo, muzipachike pachitseko cha khola. Kwa masabata awiri, tsiku lililonse lembani zinthu zitatu: mathadzi alipo angati, mwatola mazira angati, ndipo mwa mazirawo osweka kapena ofewa ndi angati. Atambala, anapiye ndi misoti yomwe sinayambe kuikira musaiwerengere.

Sabata ikatha chitani masamu awa. Mathadzi 10 atamaikira onse tsiku ndi tsiku, pa masiku 7 angakupatseni mazira 70. Ngati mwatola 42, ndiye kuti mwapeza 60 pa 100 alionse. Nambala imeneyi ndiyo muziyang'ana mukasintha chakudya, madzi kapena khola, kuti muone ngati kusinthako kwathandiza.

Pa masabata awiriwa, nkhuku zoyenda zokha muzizitsekera mpaka cha m'ma 11 koloko, chifukwa mazira ambiri amaikiridwa m'mawa. Ambiri amadabwa kupeza kuti nkhuku zawo sizinaleke kuikira ayi. Zina zimaikira kuseri kwa nkhokwe kapena m'tchire la kumpanda, kumene galu, khwangwala ndi ng'azi zimafika msanga kuposa mwini wake. Amene muli pafupi ndi mtsinje wa Shire kapena nyanja ya Malombe mukuidziwa ng'azi mmene imakondera dzira.

2. Dziwani zimene mtundu wanu ungakwanitse

Nkhuku yachikuda yodzifunira yokha chakudya imaikira mazira 40 mpaka 60 pachaka. Imaikira 10 mpaka 15 motsatana, kenako n'kukhalira, ndipo imabwereza katatu kapena kanayi pachaka. Dzira lake ndi laling'ono, la magalamu 35 mpaka 45. Musaipeputse. Imadziwa kuthawa kabawi, imafungatira bwino, imalera anapiye, ndipo kadzira kake kamakondedwa pamsika. Mwa zachikudazo, kameta, ija yopanda nthenga m'khosi, imapirira kutentha kuposa zinzake popeza thupi lake limazizira msanga. Kuno kunyanja ndi nkhuku yoyenera kusunga, osati kuthamangira kuipha kukabwera alendo.

Mikolongwe dzina lake lenileni ndi Black Australorp, nkhuku yakuda yochokera ku Australia. Dzina timaidziwa naloli inalitengera ku famu ya ziweto ya boma ya Mikolongwe ku Chiradzulu, komwe yakhala ikuswetsedwa kwa zaka zambiri. Imayamba kuikira ili ndi miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, ndipo yodyetsedwa bwino imatha kufika mazira 200 pachaka. Mukaitaya pabwalo kuti izidzionera yokha ngati yachikuda, imatsika kwambiri, ndipo nthenga zake zakuda zimaivutitsa padzuwa la kuno.

Kuroiler inachokera ku India. Ndi nkhuku ya nyama ndi mazira omwe, imakula msanga, ndipo imaikira pafupifupi 150 pachaka. Imadya kwambiri ndipo kawirikawiri sikhalira mazira. Maleyazi, nkhuku zachizungu zowetera mazira monga Hy-Line Brown, amayamba kuikira pa masabata 18 mpaka 20 ndipo amafika mazira 300 pachaka, a magalamu pafupifupi 60. Koma amafuna chakudya cha m'thumba tsiku lililonse, katemera wake wonse, ndi khola lotchinga bwino. Muziwadyetsa miyezi isanu musanaone dzira ndi limodzi lomwe. Ngati ndalama ya miyezi isanuyo mulibe m'manja, musawayambe, chifukwa leyazi ikasowa chakudya masiku atatu imatenga masabata kuti ibwerere.

Kwa banja la kumunsi kuno, maganizo anga ndi awa: khalani ndi mathadzi angapo a Mikolongwe kapena Kuroiler oikira, ndi achikuda awiri kapena atatu oti azifungatira mazira a anzawowo. A kumtunda kwa Namwera ndi Katuli, komwe kumazizira, mitundu yolemerayi imawayendera mosavuta kuposa ife a m'mbali mwa nyanja. Tambala mmodzi amakwana mathadzi 8 mpaka 10, ndipo muzisinthana ndi anzanu chaka chilichonse kuti asakwere ana ake. Ngati mukungofuna mazira odya, tambala ndi wosafunika konse: thadzi limaikira popanda iye.

3. Gwirani thadzi lililonse m'manja

Usiku, nkhuku zitagona, tengani tochi n'kugwira thadzi limodzilimodzi. Pambali pa malo otulukira dzira pali timafupa tiwiri tosongoka. Ikani zala pakati pake. Zikalowa zitatu, kapena ziwiri pa kankhuku kachikuda, thadzilo likuikira. Chikalowa chimodzi mopanikiza, silikuikira. Loikira limakhalanso ndi lipombo lofiira ndi lofewa, mimba yofewa, ndipo potulukira dzira pamakhala ponyowa. Lomwe laleka, lipombo lake limafota n'kutuwa.

Musafulumire kuweruza thadzi limene likufungatira, likulera anapiye, kapena likuthothoka nthenga. Kuthothoka kumachitika kamodzi pachaka, ndipo nkhuku imapuma kuikira kwa miyezi iwiri kapena kuposerapo pamene ikumeretsa nthenga zatsopano. Limangeni kansalu kumwendo, mudzaliyesenso pakatha mwezi. Koma lomwe ladutsa zaka ziwiri ndi theka, lanenepa, ndipo mwaliyesa kawiri osapeza kanthu, likungodya chakudya cha anzake. Ligulitseni nthawi ya Idi kapena ya Khirisimasi mitengo ikakwera, ndalamayo mugulire misoti.

4. Madzi ndi mthunzi

Apa ndi pamene mazira ambiri a ku Mangochi amatayikira, ndiye ndichedwapo.

Nkhuku siituluka thukuta. Imamva bwino kukamatentha madigiri 18 mpaka 24, pamene kuno mu Okutobala ndi Novembala timapitirira 35. Ikatenthedwa imatambasula mapiko, n'kutsegula mlomo, n'kumapuma wefuwefu. Kupuma kotereku kumachotsa m'magazi mpweya umene thupi limaphatikiza ndi kashiamu pomanga chigoba. N'chifukwa chake mungakhale mukudyetsa bwinobwino koma mazira n'kumatuluka ndi chigoba chopyapyala, ena ofewa ngati pepala. Komanso nkhuku yotenthedwa imadya pang'ono, ndiye dzira limachepa msinkhu, kenako limasowa.

Zam'kati mwa dzira, magawo atatu mwa anayi ndi madzi. Thadzi limamwa pafupifupi kapu imodzi, mamililita 250, patsiku lozizira, ndipo kukatentha limafika theka la lita. Mathadzi 10 mu Okutobala awerengereni malita 5 patsiku, osachepera. Madziwo akhale ozizira, chifukwa otentha nkhuku zimangowalawa n'kuwasiya. Ine ndimasunga madzi a nkhuku mumtsuko wadothi wokwiriridwa theka pansi pa mtengo wa nimu, ndipo ndimasintha katatu: m'mamawa, cha m'ma 12 koloko, ndi cha m'ma 3 koloko. Chomwera chikhale pamthunzi nthawi zonse, chokwera pang'ono pa njerwa kuti zisapalasiremo dothi, ndipo muzichitsuka tsiku lililonse. Zomwera zikhale ziwiri ngakhale nkhuku zili zochepa, poti pali thadzi lina lankhanza lomwe limaima pachomwera n'kumajompha anzake.

Tsopano denga. Ngati ndi la malata, yalani udzu wokhuthala kapena masamba a mlaza pamwamba pake. Ngati mukumanga latsopano, folerani ndi udzu, ndipo likweze kuti munthu aziimirira osawerama. Makoma akhale a njerwa kufika m'mawondo basi, kumtunda kwake waya, bango kapena nsungwi zotalikirana kuti mphepo izidutsa. Mbali zazifupi za khola ziyang'ane kotulukira ndi kolowera dzuwa, kuti dzuwa lisamalowe m'kati tsiku lonse. Mu Juni ndi Julayi mwera ukamawomba, tchingani mbali ya kum'mwera ndi mphasa kapena masaka, makamaka ngati muli ndi anapiye, ndipo mudzachotse Ogasiti akamatha. Musapanikize nkhuku: pa mita imodzi mulitali ndi mulifupi pasapitirire mathadzi anayi, ndipo nyengo yotentha atatu ndi abwino.

Masana kukatentha kwambiri, thirani madzi pa mchenga wa pansi pa mtengo. Mudzaziona zikufukula n'kugoneka zifuwa ponyowapo. Chakudya chachikulu muzipereka m'bandakucha ndi madzulo kuyambira 4 koloko, popeza kugaya chakudya kumatenthetsa thupi. Masana zipatseni masamba ndi madzi okha.

5. Gaga yekha saikiritsa

Gaga amakhutitsa, koma zomanga thupi ali nazo zochepa, pafupifupi 10 pa 100, pamene thadzi loikira limafuna 16 mpaka 18. Nkhuku ya gaga yekha imakhala ndi moyo, imayenda, koma ilibe chopangira dzira. Mwayi wathu kuno ndi woti chimene anthu a kutali ndi nyanja amagula modula, ife tili nacho pafupi: fumbi ndi zonyenyeka za usipa ndi matemba zimene zimatsala pansi pa thandala ndiponso m'madengu a ogulitsa nsomba.

Kasakanizidwe kanga ka makilogalamu 10 ndi aka. Gaga wouma makilogalamu 4. Chimanga chophwanya makilogalamu awiri ndi magalamu 400. Soya wokazinga ndi kugaya makilogalamu awiri. Usipa wosinja theka la kilogalamu. Zigoba za nkhono zophwanya magalamu 900. Masamba a cham'mwamba oumitsa pamthunzi magalamu 200. Mchere magalamu 30, omwe ndi masupuni awiri aakulu osadzaza. Yambani kusakaniza zochepazo, mchere, masamba ndi usipa, ndi gaga pang'ono, kenako muziwonjezera zinazo mukutembenuza pa lona mpaka mtundu ufanane paliponse.

Thadzi la Mikolongwe kapena leyazi lotsekeredwa limadya magalamu 110 mpaka 120 patsiku, choncho makilogalamu 10 amakwana mathadzi 10 kwa masiku 8. Kuroiler imadya kuposerapo. Zachikuda zoyenda pabwalo zipatseni magalamu 40 mpaka 50 iliyonse, pafupifupi dzanja limodzi, madzulo zikamalowa. Nyengo ya dzinja zimapeza tizilombo ndi msipu wambiri, koma kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba pabwalo pamakhala fumbi lokhalokha, ndipo apo ndi pofunika kuwonjezera.

Soya musam'pereke wamuwisi. Ali ndi zinthu zolepheretsa nkhuku kugaya zomanga thupi, ndipo zimatha ndi moto. M'kazingeni pa chiwaya mpaka afiire pang'ono n'kumanunkhira ngati mtedza, osam'psereza. Usipa nawo musapitirize muyeso poganiza kuti wambiri ndiye wabwino. Ukachuluka, mazira amanunkha nsomba, ndipo wogula akakumana nalo kamodzi sabweranso. Pogula zonyenyekazo, pisani dzanja pansi pa thumba muone ngati mulibe mchenga, ndipo zikakhala za nsomba zothira mchere, mchere wa m'ndondomeko uja muusiye. Nkhuku zodya mchere wambiri zimatsegula m'mimba n'kunyowetsa khola.

Gaga wonunkha chuku, wotentha m'kati mwa thumba kapena woumbika, m'tayeni. Chuku chimawononga chiwindi cha nkhuku, mazira amachepa, ndipo poizoni wake amatha kufika m'dzira limene ana anu adye. Gaga wa pamtondo kapena wonyowa wa kuchigayo muyanikeni tsiku lomwelo. Zotsalira za njere za thonje akafinya mafuta musazipatse nkhuku zoikira, poti zimadetsa chikasu cha dzira. Ndipo mukamasintha chakudya chilichonse, sakanizani chakale ndi chatsopano kwa sabata imodzi, chifukwa kusintha mwadzidzidzi kumaimitsa mazira.

Chimanga chathu ndi choyera, n'chifukwa chake nkhuku zotsekeredwa zimaikira mazira a chikasu chotuwa. Mtundu wa chikasu umachokera m'masamba obiriwira ndi m'chimanga chachikasu. Mangani mtolo wa bonongwe, chisoso, kholowa, nkhwani kapena cham'mwamba, muupachike m'khola pamene nkhuku zingafikire zitatalikitsa khosi. Pakatha sabata kapena masiku 10 mudzaona chikasu chitayamba kupsa.

Pali njira inanso yaulere. Ikani ndowe zouma za ng'ombe, mapesi ndi chidutswa cha saka m'mphika wakale, wazani madzi, n'kuuvundikira pafupi ndi chulu madzulo. M'mawa mwake kapena mkuja mumapezamo chiswe, chomwe anapiye ndi mathadzi amalimbirana. Mphikawo uzikhala kutali ndi nyumba ndi khola.

6. Zigoba za nkhono

Dzira limatenga maola 24 mpaka 26 kuti lipangidwe, ndipo maola pafupifupi 20 mwa amenewa amathera pa chigoba, makamaka usiku. Chigoba chimodzi chimatenga magalamu awiri a kashiamu, ndipo kuti thadzi liwapeze liyenera kudya pafupifupi magalamu anayi patsiku. Likawasowa m'chakudya limawachotsa m'mafupa ake. Thadzi loikira bwino lomwe layamba kutsimphina kapena kukhala pansi osadwala, kawirikawiri vuto limakhala limeneli.

Kashiamuyu amapezeka m'zigoba za nkhono. Tolani zigoba zouma, zopanda nkhono m'kati, pamchenga wouma wa pagombe. Musalowe m'madzi osayenda a m'mabango kukasaka zamoyo, poti ndi momwe muli likodzo. Zitsukeni, ziwiritseni kapena ziwambeni pamoto, ndipo zikazizira zisinjeni mumtondo. Musazisinje mpaka kukhala ufa. Zikhale ngati mphale kapena mpunga, chifukwa timibulu totere timakhalitsa m'nthutumba, n'kumasungunuka pang'onopang'ono usiku pamene chigoba chikumangidwa. Kupatula za m'chakudya zija, ikani zina m'kachitini pakona ya khola kuti lofuna lizidzitengera.

Zigoba za mazira omwe mwadya nazonso ndi zabwino. Ziwambeni, muziphwanye kwambiri kuti zisaonekenso ngati dzira, apo ayi mudzaphunzitsa nkhuku kujompha mazira ake. Anapiye ndi misoti yaing'ono musaipatse chakudya chokhala ndi zigoba zochuluka chonchi, chimawononga impso. Yambani msoti ukatsala pang'ono kuikira, lipombo likayamba kufiira. Ndipo nkhuku zizionako dzuwa la m'mawa, lomwe limathandiza thupi kugwiritsa ntchito kashiamuyo.

7. Chisa, kutola ndi kufungatira

Chisa chimodzi chimakwana mathadzi anayi kapena asanu. Chikhale cha masentimita 30 mbali zonse, pamalo a mdima pang'ono, chokwera kuchoka pansi koma chotsika kuposa mtanda wogonapo, kuti zisamagonemo n'kuchitiramo zitosi. Dengu lakale, mphika wosweka kapena bokosi zonse zimagwira. Pansi thirani phulusa, pamwamba udzu wouma kapena mankhusu a mpunga, ndipo muzisintha masabata awiri alionse.

Tolani mazira kawiri patsiku, cha m'ma 10 koloko ndi cha m'ma 3 koloko, ndipo nyengo yotentha katatu. Dzira lokhalitsa m'chisa limathyoka, limada, ndipo ngati muli tambala, kutentha kwa kuno kumatha kuyambitsa kamwanapiye m'kati.

Kwa nkhuku zachikuda, apa pali phindu lalikulu lomwe ambiri salidziwa. Thadzi lachikuda limatha masiku 21 likufungatira, kenako miyezi iwiri kapena itatu likuyenda ndi anapiye, ndipo nthawi yonseyi siliikira. Mukamatola mazira tsiku lililonse n'kusiya limodzi lokha lolembedwa ndi khala, thadzi limapitiriza kuikira nthawi yaitali lisanaganize zokhalira. Likayamba kukakamira m'chisa inu musakufuna anapiye, liikeni m'chitatanga chopachika, chopita mphepo pansi, pamthunzi, ndi madzi ndi chakudya, kwa masiku atatu kapena anayi. Mimba ikazizira maganizo ofungatira amatha. Kulimiza m'madzi kapena kulimanga mwendo padzuwa ndi nkhanza, ndipo kuno kukhoza kulipha.

Mukafuna anapiye, konzani kuti mathadzi awiri akhalire tsiku limodzi. Akaswa, anapiye onse m'patseni mmodzi, winayo abwerere kukaikira. Wolerayo m'chotsereni anapiye akakwana masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, muwasunge m'chitatanga chawo. Pakatha masabata awiri kapena atatu mudzamumva akutetera.

8. Chitopa, utitiri ndi njoka zam'mimba

Chitopa chilibe mankhwala. Chimasesa khola lonse, ndipo nkhuku zopulumuka zimaikira mazira opindika, okhakhala kapena opanda chigoba kwa nthawi yaitali. Katemera wake, wotchedwa I-2, ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, yaikulu ndi mwanapiye yemwe, miyezi inayi iliyonse. Funsani alangizi a ziweto a m'dera lanu, ndipo gwirizanani ndi oyandikana nawo kuti botolo limodzi lithe tsiku lomwelo. Katemerayu amapirira kutentha kuposa ena, komabe munyamuleni atakulungidwa m'kansalu konyowa, osati m'thumba la malaya. Temerani nkhuku zili bwino, makamaka nyengo yotentha isanafike. Nkhuku yogula pamsika kapena yopatsidwa ikhale payokha masabata awiri isanasakanikirane ndi zanu.

Utitiri ndi nsabwe zimayamwa magazi, ndipo thadzi lopanda magazi siliikira. Yang'anani kuzungulira maso, pa lipombo ndi kunsi kwa mapiko. Utitiri womatirira kumaso upakeni Vaseline, umafa posowa mpweya. Sesani khola, tenthani udzu wa m'zisa, matani ming'alu ya makoma, ndipo konzani malo osambira a phulusa losakaniza ndi mchenga. Ngati zachuluka gulani mankhwala a ufa kusitolo ya mankhwala a ziweto. Nkhuku zoyenda pabwalo zipatseni mankhwala a njoka zam'mimba miyezi itatu kapena inayi iliyonse. Pa mankhwala alionse, werengani masiku amene mazira sayenera kudyedwa kapena kugulitsidwa, ndipo muwatsatire. Makapisozi a anthu musathire m'madzi a nkhuku.

9. Kuwala

Thadzi limaikira bwino likamaona kuwala maola 14 mpaka 16, pamene kuno usana umatalika maola 11 mu Juni ndi 13 mu Disembala. Kwa maleyazi ndi Mikolongwe zotsekeredwa, kababu kamodzi ka sola koyaka kuyambira 4 koloko m'bandakucha kamathandiza, ndipo zimadya kukadali kozizira. Mukayamba musadumphitse masiku. Kwa zachikuda zoyenda zokha, ndalamayo ndi bwino mugulire soya.

10. Dzira lenilenilo likuuzeni

Kamodzi pasabata swani dzira limodzi pa mbale yafulati. Latsopano ndi labwino chikasu chake chimaima mobulungira, ndipo choyera chimakhala cholimba, chounjikana mozungulira chikasucho. Choyera chikamayenderera ngati madzi, dziralo lakhalitsa, latenthedwa, kapena nkhukuyo yakalamba kapena inadwala chifuwa. Kadontho ka magazi sikoopsa, mukhoza kukachotsa ndi nsonga ya mpeni n'kudya. Msoti woyamba kumene umaikira timazira ting'onoting'ono, nthawi zina la zikasu ziwiri, ndipo zimakhazikika pakatha mwezi. Thadzi lokalamba limaikira mazira aakulu koma a chigoba chopyapyala, popeza kashiamu yemweyo akufunika kukuta dzira lalikulu. Mtundu wa chigoba, choyera kapena chofiirira, umatengera mtundu wa nkhuku ndipo susintha zakudya zili m'kati.

Mukakayikira dzira, liikeni m'kapu ya madzi. Latsopano limamira n'kugona chammbali. Lokhalitsa limaimirira. Loyandama lasukusa, litayeni kutali ndi nkhuku. Labwino lomwe mwaliyesa m'madzi lidyedwe tsiku lomwelo.

Mazira osunga musawatsuke. Dzira limatuluka ndi kachiphimba kosaoneka kotseka timabowo ta chigoba, ndipo madzi amakachotsa n'kulowetsa tizilombo. Lodetsedwa lipukuteni ndi kansalu kouma n'kulidya msanga. Ikani mazira m'thireyi mbali yosongoka ili pansi, m'chipinda chozizira kwambiri m'nyumbamo, kutali ndi parafini, sopo ndi nsomba zouma, poti dzira limakoka fungo. Opanda firiji, ikani mphika waung'ono m'kati mwa waukulu, pakati pake mchenga wonyowa, pamwamba nsalu yonyowa. Ndi kutentha kwa Okutobala, yesetsani kuti mazira agulitsidwe asanathe sabata. Lembani tsiku ndi pensulo pa dzira lililonse, ndipo oyamba kutoledwa akhale oyamba kuchoka. Popita nawo pa njinga kumsika wa paboma kapena kumalo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, nyamukani m'mamawa, ndipo aang'ono achikuda muwapatule ndi aakulu chifukwa ogula ake ndi osiyana.

Mazira ofungatiritsa asankheni mosamala kuposa ogulitsa. Asapitirire masiku 7 chiikiridwire, akhale a msinkhu wapakati, oyera, opanda mng'alu, a chigoba chosalala. Thadzi lachikuda lipatseni 8 mpaka 10, amene lingawaphimbe onse. Pa tsiku la 7 mpaka la 10 awalitseni ndi tochi usiku: lokhala ndi mwanapiye limaonetsa timitsempha tofiira, lopanda kanthu limawala mbee, ndipo limenelo lichotseni. Sankhani mathadzi amene anapitiriza kuikira mazira olimba mu Okutobala ndi Novembala anzawo atagonja. Mazira a amenewo ndiwo muike pansi pa thadzi lofungatira, ndipo muwerengere kuti anapiye aswe mvula ikamatha, cha mu Epulo, pabwalo pali chakudya chambiri.